Thanki ya a Sajeni

Lolemba, 6 Okutobala 2003

Masiku asanu. Okwana, mwinanso kutsalako.

Loweruka lino mwana wanga Takondwa akukwatiwa ku tchalitchi cha ku Kamwendo, ndipo akupita pa a Sajeni. Ndinanena ndekha pamaso pa ankhoswe a mbali zonse ziwiri, ndipo sindibweza.

A Sajeni ndi chilole changa cha usilikali. Anabadwa dziko lino lisanalandire ufulu, amakoka ndi matayala onse anayi, amamwa petulo mopanda manyazi. Ndinawayendetsa zaka 18 ndili m'yunifolomu, ndipo boma litagulitsa magalimoto akale chaka chimene tinavotera zipani zambiri, ndinawagula n'kubwera nawo kuno kwa Mlonyeni. Dzinali ndinawapatsa chifukwa cha khalidwe: amabangula, samva za munthu.

Takondwa ali ndi zaka zisanu ndinamukhazika pamwendo panga kuseri kwa chiwongolero, n'kumulonjeza kuti tsiku la ukwati wake adzakwera momwemu. Iye akuti sakukumbuka. Ine ndikukumbuka, basi.

Chondiwawa ndi asewere anga a Mbewe, bambo a mkwati, amene ali ndi minibasi imodzi koma amayenda ngati ali nazo khumi. Tsiku la chinkhoswe akuti, "Asewere, musavutike ndi chiphapha chija, mkwatibwi tidzamunyamula ife." Chiphapha! Pamaso pa anthu!

Zoona zake n'zakuti a Sajeni akhala pansi pa mtengo wa mango zaka zinayi. Anazima mu 1999 pochokera ku msonkhano wa chipani atanyamula amayi ovina, ndipo amayi omwewo ndi amene anawakankha mpaka pano. Injini ilibe mlandu, ndimaipukusa ndi hendulo mwezi uliwonse. Vuto ndi njira ya petulo yokha, thanki ndi pampu. Ndatsegula chivindikiro n'kununkhiza: fungo la vanishi wa mipando. Ndagogoda ndi sipanala: mkati mukugwa zinthu.

Dongosolo:
Lolemba, kuchotsa nkhuku ndi kutsitsa thanki.
Lachiwiri, kutsuka thanki.
Lachitatu, pampu.
Lachinayi, kuyesa pamsewu.
Lachisanu, kumeta, kusita suti, kupuma.

Ndalamulanso amake Takondwa kuti Loweruka m'mamawa amayi a kumpingo adzawatsuke a Sajeni monga tinkachitira pa perete: pamwamba, m'mbali, mpaka kunsi kwenikweni. Msilikali saima pamzere ndi m'khwapa mwakuda. Iwo akuti, "Ayende kaye, kusamba n'kosavuta."

Nkhuku zachoka, kupatula imodzi ya pamazira imene ili pampando wa dalaivala. Ikundiyang'ana ngati ndine ndabwera kudzapempha lifiti. Thanki sinatsike. Mabawuti awiri akana.

Lachiwiri, 7 Okutobala

Mabawuti ndadula ndi sowo. Thanki yatsika. Yatsikira pa chala changa chachikulu cha kuphazi.

Zotuluka m'thanki:
dzimbiri lodzaza mbale ziwiri za ndiwo,
phala lakuda lomata ngati ulimbo,
kansanza ka nsalu ya chipani,
supuni ya tiyi imene amake Takondwa anakanganirana ndi mlamu wawo zaka zitatu zapitazo.

Supuniyo ndaikwirira kuseri kwa khola. Sabata ino pakufunika mtendere.

Nzeru ya kukampu ndi iyi: umathira manati m'thanki ndi palafini pang'ono, n'kukhutchumula mpaka dzimbiri lonse litakokoloka. Lamulo lake ndi limodzi, werenga polowetsa, werenga potulutsa. Ndalowetsa 40. Koma kukampu tinkakhutchumula anthu anayi, pano ndili ndekha ndi msana wa penshoni. Ndanyamula kawiri, msana wayankha.

Ndapita kwa a Sakala, aneba anga, kukabwereka ngolo. Tamangirira thanki ndi malamba a chubu, tatenga msewu wa kwa Zulu umene uli ndi mabampu okwanira kutsuka thanki ya ndege. Phokoso lake! Ng'ombe zathamanga kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo. A Sakala akukuwa, "Achimwene, kodi ichi sichiphulika?" Ndawauza kuti ayi, koma ine ndatsika, ndikutsatira wapansi.

Kwa Zulu anthu atuluka m'nyumba. Zisankho ndi chaka chamawa, ndiye aganiza kuti kampeni yayamba. Amayi ena atilondola mpaka pa mjigo akufunsa nsalu. Bambo wina wokalamba watiyang'ana ife, wayang'ana ng'ombe, n'kufunsa, "Inu ndi a chipani chanji chosauka chonchi?"

Tabwerera dzuwa litapendeka. Kukhuthula. Manati akutuluka owala mbee, dzimbiri likutsatira. Ntchito yabwino! Kuwerenga: 39. Kuwerenganso: 39. A Sakala awerenga apeza 40, koma imodzi ndi kamwala.

Thanki ya galimoto yankhondo ili ndi zipinda mkati, timakoma tachitsulo toletsa petulo kukhavukira uku ndi uku pamabampu. Nati yanga yasankha chipinda chake. Ndikapendeketsa kumanja, gobede kumanzere. Ndikapendeketsa kumanzere, ili phee, ikundimvetsera.

Lachitatu, 8 Okutobala

Lero linali la pampu. Pampu sindinaikhudze n'komwe.

M'mawa wonse wathera nati. Zimene ndayesa: waya wopinda, maginito ya sipika ya wailesi, kuimika thanki chadodolido, kutukwana. Maginito yangomatirira ku khoma la thanki, nayonso inatsala pang'ono kukhazikika komweko.

Ndikusuzumira pakamwa pake, thanki italoza kudzuwa, ndiye ndaona. Mkati mukuwala! Timabowo pansi pa thanki, ngati sefa ya ufa. Ndawerenga, tilipo khumi ndi kamodzi. Ndiye kuti zaka zonsezi chimene chinkagwira petulo ndi dzimbiri lomwelo, ine n'kulikweza ngolo mpaka kwa Zulu kuti lichoke!

Ndamangirira thanki pakaliyala wa njinga, ulendo wa ku Kamwendo kwa wowotcherera zitsulo. Wangonunkhiza kamodzi n'kubwerera m'mbuyo. "Madala, thanki ya petulo? Ndili ndi ana aang'ono ine." Ndamufotokozera kuti timaidzaza madzi kaye. Akuti ndikaidzaze madzi, ndikawotchere kwathu. Ana a demokalase! Chilichonse ndi ufulu, mpaka ufulu wokana ntchito.

Pa siteji a Mbewe atsamira minibasi yawo, akutokosa m'mano. Andiona ndi thanki kumbuyo. "Asewere, mwayamba geni ya madzi?" Ndawapatsa moni ndi ulemu wonse. Mumtima muli moto.

Pobwerera, nati ikulira kumbuyo kwanga njira yonse, ndakumbuka nzeru ya kuthengo: sopo wochapira. Ukamukanya ndi malovu n'kumata pabowo, petulo samusungunula, amangomulimbitsa. Tinayendapo motero sabata yathunthu tikulondera malire. Mdani wake ndi madzi okha, ndipo uno ndi Okutobala, kumwamba kulibe ngakhale kamtambo.

M'nyumba muno sopo alipo mmodzi yekha, wamtali uja, amene amake Takondwa asungira zochapa za ukwati m'sutikesi kunsi kwa bedi. Kupempha ndiye kuti ndifotokoze za mabowo, ndipo ndikafotokoza za mabowo mawa nkhani ili pa siteji. Ndangotenga. Mabowo onse ndamata, ndawonjezera wina pamwamba kuti zikhalitse. Sopo watha.

Madzulo: "Bambo a Takondwa, sopo wanga ali kuti?" Ndati makoswe. Akuti makoswe ake otsegula sutikesi n'kutsekanso? Ndati makoswe a masiku ano. Andiyang'ana nthawi yaitali. Msilikali saulula.

Lachinayi, 9 Okutobala

Thanki yabwerera m'malo mwake, pamodzi ndi nati yake. Ikhale. M'payipi singadutse, ndayeza ndi inzake. M'malo mwa mabawuti ndinadula aja ndamanga waya wa mpanda.

Tsopano pampu. Kanthu kakang'ono ngati chibakera, kamene kamayamwa petulo m'thanki n'kumukankhira ku kabyuleta. Kambale kake kagalasi kadzaza matope ofiira, ndatsuka. Kasefa ndakwecha ndi mswachi, wanga womwe. Koma mtima wa pampu ndi kachikopa kozungulira kamene kamapuma m'mwamba ndi pansi, ndipo kachikopako kauma, kakungothetheka ngati tsamba la fodya la chaka chatha.

Ndapitanso ku Kamwendo, chala chili chotupa. Mwini sitolo ya masipeya watembenuza kachikopako uku ndi uku. "Madala, izi zinatha ndi chipani chimodzi. Kayeseni ku Chipata." Ku Chipata akandiuza kuti ndikayese kwa azungu amene anaipanga, amenenso anamwalira kalekale.

Petulo ndagula wa m'zigubu wochokera kumalire, zigubu zitatu. Ogulitsa akulumbira kuti ndi weniweni wa ku Zambia, wosasakaniza. Ndawakhulupirira theka. Kunyumba ndasefa ndi chipewa changa chakale cha usilikali, chimene chimadutsitsa petulo koma madzi ayi. Zotsala m'chipewa: madzi okwana kapu, mchenga, ndi nyerere imodzi ya ku Zambia.

Kachikopa katsopano ndadula ku chubu cha njinga. Ndamanga. Ndapopa ndi chala, petulo wafika m'kagalasi. Hendulo. Kamodzi, kawiri, kachisanu ndi chiwiri... A Sajeni atsokomola! Abangula! Utsi wakuda bii, nkhuku ya pamazira yatulukira pawindo, amayi osinja za thobwa aimba nthungululu. Takondwa watuluka m'nyumba diresi la ukwati lili m'manja, akuseka. "Ababa, ndiye ndi zoona?"

Mphindi zitatu. Kenako zii.

Ndamasula. Chubu chija chafufuma, chafewa ngati nthochi yakupsa. Petulo amadya labala ya njinga. Ndimazidziwa zimenezi. Ndinkaphunzitsa anthu zimenezi! Amayi a thobwa abwerera ku mitondo yawo.

Takondwa wakhala pa tayala la sipeya, akundiona ndikupala phala la labala. Akuti motsitsa mawu, "Ababa, minibasi ija si yoipa. Chachikulu mudzandigwire dzanja mpaka kutsogolo. Anthu onse aja ndikuwaopa." Ndamuuza kuti adzapeza zonse ziwiri, galimoto ndi dzanja lomwe.

Lachisanu, 10 Okutobala

Lero linali lopuma!

Labala yakana, tiyese chikopa chenicheni. Lilime la jombo yanga ya usilikali: lofewa, lamwa polishi zaka makumi awiri. Ndadula la kumanzere, ndalakwitsa bowo la pakati. Ndadula la kumanja. Jombo zimene ndinati adzandiike nazo m'manda tsopano zangoti yasa pakhonde. Amake Takondwa aziona, apukusa mutu, apitirira. Sakundilankhulabe bwino chifukwa cha makoswe aja.

Ndamanga, ndapopa, hendulo. A Sajeni alira. Mphindi zisanu. Khumi. Theka la ola! Ndagwada kusuzumira kunsi: thanki ili gwa, youma, sopo walimba ngati simenti. Ndazungulira mtengo wa mango katatu, ndapita kudambo n'kubwerera, a Sakala ali kumbuyo atagwira chipewa ndi manja awiri. Nati ikuimba m'thanki. Iimbe!

Petulo yense ndathira m'thanki. Zigubu zili mbee.

Ndapalasa njinga kupita kukameta ku Kamwendo, koma choyamba pa siteji. Ndawauza a Mbewe mokweza, makondakitala onse akumva, kuti mawa minibasi yawo ikagwire ntchito ku Lilongwe, kuno sikufunika. Akuti, "Asewere, bwanji ingokhala pafupi, mwina mwake?" Ndati mapanga awiri avumbwitsa. Ndati ndikadzaiona pafupi ndi tchalitchi ndiye kuti andinyoza ine ndi mtundu wanga wonse. Avomera. Ndawaitananso kuti mawa adzalawirire kwathu, adzakwere nawo, aone mmene galimoto imayendera.

Mutu wametedwa. Suti yasitidwa, ili pa msomali. Kwa nthawi yoyamba sabata ino ndadya manja osanunkha palafini. Chiphapha eti? Tidzaonana mawa.

Loweruka, 11 Okutobala

Ndikulemba nditakhala pa chitsa kuseri kwa holo ya madyerero, kutali ndi moto wophikira. Andiuza kuti ndikhale kuno.

M'mawa ndatuluka nditavala kale suti. A Sajeni akuwala! Amayi a kumpingo asanu ndi atatu, ndowa, zisanza, nyimbo. Maliboni pagalasi, maluwa m'mbali, sofa yathu yakwezedwa kumbuyo. Mtima wanga wadzaza. Kenako mphuno yamva.

Mayi wamkulu wa gululo akupukuta manja pachitenje, akumwetulira. "Bambo, tatsuka monga munalamulira, mpaka kunsi. Sopo anatichepera, koma mwayi wake tapeza wina atamatirira kunsi kwa thanki, wambiri ndithu. Tapala yense, ndi amene tatsukira matayalawa."

Amake Takondwa: "Ndiye kumeneko n'kumene makoswe aja amasungira?"

Mabowo khumi ndi limodzi, onse akukodza pamodzi. Ndalowa kunsi ndi suti yomweyo. Zala ndili nazo khumi. Ndikukuwa, mabeseni! Ndowa! Sopo! Sopo ali m'matayala. Zimene tapulumutsa: chigubu chimodzi chosadzaza. Wina yense wamwedwa ndi nthaka ya pansi pa mango ndi suti yanga.

A Mbewe afika pa njinga ya kabaza, atavala tayi wofiira. Minibasi ili ku Lilongwe, monga ndinalamulira. Ayang'ana thanki, andiyang'ana ine. Kuyang'ana kwawoko kwandibaya kuposa chiphapha chija.

Mkwatibwi ali kale m'velo, dzuwa likukwera. Nzeru yotsiriza: kuiwala thanki, kuiwala pampu. Chigubu pamwamba, payipi kutsika molunjika ku kabyuleta, petulo azitsetsereka yekha. Padenga la kutsogolo kwa a Sajeni pali chibowo chozungulira chimene ankatulukira msilikali wa mfuti. Pafunika munthu woimirira pamenepo, atakumbatira chigubu, chala chili pa payipi kuti azichepetsa kapena kuwonjezera. Wodziwa muyezo wake ndine ndekha. Nanga woyendetsa ndani?

A Mbewe. Pampando wanga! Chiwongolero chimene sichinagwidwepo ndi munthu wamba! Akukukuta magiya ngati chigayo, ine ndikuwalamula ndi phazi paphewa: pang'onopang'ono, lewani dzenje, mwaponda dzenje. Bampu lililonse chigubu chikundilavulira pachifuwa. Pampu yanga ya lilime la jombo ikupopa mpweya mokhulupirika njira yonse. Kumbuyo Takondwa ali pa sofa, operekeza akuimba. M'mbali mwa msewu anthu akundibayibitsa, ena akufunsanso nsalu.

Tafika! Tachedwa mphindi makumi awiri zokha, ndipo chigubu chatha pa geti penipeni. Ndatsika, ndakonza tayi, ndapereka mkono kwa mwana wanga. Tayenda mpaka pakhomo la tchalitchi.

Akatekisiti atambasula dzanja, linalo lili pamphuno. "Pepani bambo. M'katimu muli makandulo ndi makala a lubani. Mukalowa inu, tiika maliro m'malo modalitsa ukwati." Ndavula jekete. Shati nayo yanyowa. Ndati ndiyenda pakati, kutali ndi makandulo. Akuti makandulo ali komwe ndikupitako.

Takondwa wandiyang'ana kudzera m'velo. Dzanja lake lachoka pamkono panga, alitenga amalume ake.

Ukwati wa mwana wanga ndaonera pawindo, nditaponda njerwa ziwiri, mphepo ikundiwomba kumsana. Osuta fodya onse akundilambalala patali. Amati tsoka silinunkha. Langa likumveka mpaka kumsika.

Lamulungu, 12 Okutobala

A Sajeni abwerera pansi pa mango, akokedwa ndi ng'ombe za a Sakala m'mamawa anthu asanachuluke mumsewu. Nati yaimba njira yonse. Nkhuku ija yakwera pampando wa dalaivala ine ndisanatseke n'komwe chitseko. Ikhale, mwina iyo ndi imene ili ndi laisensi.

Zotsala:
jombo ziwiri zopanda malilime,
chala chotupa,
manati 39,
pampu yabwino koposa m'boma lonse la Mchinji, yopanda chopopa.

A Sakala akuti a Mbewe akuuza aliyense pa siteji kuti anayendetsapo galimoto yankhondo, ndipo kuti magalimoto a masiku ano ndi zitini chabe. Za chiphapha sakutchulanso. Ndi mawu amene ndimawafuna sabata yonse. Ndayesa kukondwa, sizikutheka. Mwana anapempha dzanja, ine ndinamupatsa galimoto. Zikundiwawa.

Masana Takondwa wabwera ndi mwamuna wake kudzatenga katundu. Ndazemberera kuseri kwa a Sajeni ndi sipanala, ngati pali chomanga. Wandipeza. Ndayamba kupepesa, wandidula.

"Ababa, polowa muja mawondo amagundana, ndimangoona mitu ya anthu. Titafika kuguwa mphepo inalowa pawindo, tchalitchi chonse petulo yekhayekha. Ansembe anatsokomola. Ine ndinati, ababa alipo. Ndinasiya kunjenjemera."

Waseka, wapita kukanyamula mapoto ake. Ine ndatsala ndi sipanala m'manja, ndaiwala kuti ndimati ndimange chiyani.

Suti ili pa nthambi ya mango. Amake Takondwa akuti aichapa mawa. Ndawauza kuti aisiye kaye. Ndiponso sopo m'nyumba muno mulibe.